Malungo akatha, ena amatsala ndi khunyu

Mwana akatsitsimuka atakomoka masiku awiri kapena atatu kaamba ka malungo aakulu, pabanja pamakhala chimwemwe. Achipatala amamutulutsa, mayi amamubereka ulendo wa kumudzi ndipo aliyense amati za matenda zatha. Koma kafukufuku yemwe adachitika pachipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre adaonetsa kuti kwa ana ambiri mavuto amakhala atangoyamba kumene. Mwa ana atatu alionse opulumuka ku malungo a muubongo, pafupifupi mmodzi amadzapezeka ndi vuto lina m'miyezi yotsatira, ndipo kwa ena vutolo limakhala khunyu.

Yemwe adatsogolera kafukufukuyo ndi Dr Gretchen Birbeck, dokotala wa matenda a ubongo wa ku America, yemwe watha zaka zoposa 30 akugwira ntchito m'maiko a Zambia ndi Malawi. Ntchito yake yambiri waigwirira ku Chikankata, Lusaka, Chipata ndi Blantyre, kutali ndithu ndi mapiri a ku Dedza. Komabe zomwe iye ndi anzake adapeza zikukhudza kwambiri boma la Dedza, lomwe lili ndi zinthu zitatu pakamodzi: malungo a kuchigwa cha kunyanja, nkhumba zoyendayenda m'midzi ndi chisanu cha kumapiri chomwe chimasonkhanitsa mabanja pamoto.

Vutoli ndi lalikulu motani?

Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi matenda a khunyu, ndipo 80 mwa 100 alionse amakhala m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Bungweli lati anthu 70 mwa 100 alionse odwala nthendayi atha kusiyiratu kugwa atapimidwa bwino ndi kupatsidwa mankhwala oyenera. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'maiko osauka, atatu mwa odwala anayi alionse salandira mankhwalawo.

M'dziko muno, kalembera wa anthu wa 2018 adapeza anthu oposa 200,000 omwe adanena kuti ali ndi khunyu. Lipoti lomwe Action Amos ndi Lorraine Wapling adalemba mu 2011 lidapereka chiwerengero chokwererapo, cha anthu 28 mwa 1,000 alionse. Kusiyana kwa ziwerengerozi sikodabwitsa. Khunyu ndi nthenda yomwe mabanja ambiri amabisa, choncho wowerenga anthu akafika pakhomo sauzidwa zonse.

Kalembera yemweyo adapeza kuti m'boma la Dedza muli anthu oposa 830,000. Ngakhale atakhala munthu mmodzi yekha mwa 100 alionse, ndiye kuti m'bomali muli anthu oposa 8,000 ofunika mankhwala a tsiku ndi tsiku, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata.

Khunyu, yomwe ena amati matenda akugwa kapena linjirinjiri, ndi vuto la muubongo. Ubongo umagwira ntchito potumiza timphamvu ting'onoting'ono ta magetsi m'mitsempha yake. Timphamvuti tikasokonekera n'kuthamanga tonse nthawi imodzi, munthu amagwa, kuuma thupi, kuphupha ndi kutuluka thovu kukamwa. Ena sagwa n'komwe. Amangoyang'ana malo amodzi kwa kanthawi osamva zomwe anzawo akunena, kapena dzanja limodzi limangonjenjemera lokha. Achipatala amati munthu ali ndi khunyu ngati zoterezi zamuchitikira kawiri kapena kuposa apo popanda chomuyambitsa chapompopompo monga kutentha thupi.

Zidayambira ku Chikankata

Birbeck adafika koyamba pachipatala cha mishoni cha Chikankata, chomwe amayendetsa ndi a Salvation Army kummwera kwa dziko la Zambia, mu 1994 akadali wophunzira za udokotala. Kumeneko adaona kuti odwala khunyu ambiri samabwera kuchipatala kudzafuna mankhwala a khunyu. Amabwera atapsa ndi moto kapena atavulala pogwa, ndipo mabala akapola amabwerera kwawo nthenda yeniyeniyo isadakhudzidwe.

Atamaliza maphunziro ake, mayiyu adathandiza kukhazikitsa gulu losamalira odwala khunyu la Chikankata Epilepsy Care Team. Kafukufuku wa khomo ndi khomo yemwe adachita m'deralo, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2004, adafikira anthu pafupifupi 55,000 ndipo adapeza kuti oposa 12 mwa 1,000 alionse adali ndi khunyu.

Koma chomwe chidamutchukitsa poyamba ndi kafukufuku wa za kusalidwa, yemwe adachita limodzi ndi akatswiri a ku Zambia monga Elwyn Chomba, Alan Haworth, Edward Mbewe ndi Masharip Atadzhanov. Gululi lidafunsa aphunzitsi, atsogoleri a mipingo, apolisi ndi ogwira ntchito m'zipatala za momwe amaonera nthendayi. Mu 2007, m'magazini ya madokotala ya Lancet Neurology, iwo adayerekeza anthu odwala khunyu ndi anzawo odwala matenda ena okhalitsa omwe anthu sasala. Odwala khunyu adapezeka kuti sukulu adailekera panjira msanga, ambiri adali paulova, ndipo mwa amayi 100 alionse odwala nthendayi, 20 adagwiriridwapo, pomwe mwa anzawo aja adali atatu okha.

Chiwerengero chomalizachi chidatsegula anthu maso. Chidaonetsa kuti chomwe chimapha tsogolo la wodwala khunyu si kugwa kokha ayi, komanso momwe anthu omuzungulira amamuchitira.

Pakafukufuku wina wokhudza asing'anga, yemwe adachita ndi Roy Baskind, adapeza chikhulupiriro chakuti wodwala khunyu akangopsa ndi moto ndiye kuti sangachirenso. Madokotala amafotokoza izi mwanjira ina: yemwe wafika pogwera pamoto kawirikawiri ndi uja amagwa pafupipafupi, choncho ndiye wofunika mankhwala mwachangu kuposa wina aliyense.

Makina omvetsera ubongo

Mbali yachiwiri ya ntchito ya Birbeck ikukhudza makina otchedwa EEG. Makinawa si achilendo padziko lapansi. Dokotala wa ku Germany, Hans Berger, ndiye adayamba kujambula mphamvu za muubongo wa munthu mu 1924. Wopima amamata timabatani ta chitsulo pafupifupi 20 pamutu pa wodwala, ndipo timabatanito timalumikizidwa ndi mawaya ku kompyuta. Pakompyutapo pamaoneka mizere yokwera ndi kutsika, yomwe katswiri amaiwerenga ngati kalata.

Makinawa salowetsa magetsi m'mutu mwa munthu monga ena amaopera, ndipo sapweteka. Ntchito yake ndi kumvetsera basi. Kupima kwa nthawi zonse kumatenga pafupifupi theka la ola, koma kwa wodwala wokomoka makinawa atha kusiyidwa pamutu usana ndi usiku kwa masiku angapo.

Apa ndi pomwe pali phindu lake lalikulu. Mwana yemwe wakomoka ndi malungo atha kuoneka ngati wangogona phee, koma muubongo mwake zinthu zikuphupha. Nthawi zina chizindikiro chimangokhala kachikope kogwedera, malovu ochuluka kapena kupuma kosinthasintha, zomwe namwino wosamalira ana ambirimbiri nthawi imodzi sangazione msanga. Popanda EEG, kuphupha kobisikaku kumapitirira kwa maola ambiri osalandira mankhwala.

Ku Blantyre ntchitoyi idapeza maziko okonzeka kale. Kuyambira mu 1986, Pulofesa Terrie Taylor wa ku yunivesite ya Michigan State ndi Pulofesa Malcolm Molyneux adakhala akufufuza za malungo a muubongo pachipatala cha Queen Elizabeth. Awiriwa ndiwo adakonza njira yoyezera kukomoka kwa ana yomwe maiko ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo imadziwika ndi dzina la mzindawu, Blantyre Coma Scale. Mu 2004 Taylor ndi anzake adalengeza kuti atapima matupi a ana omwe amaganiziridwa kuti amwalira ndi malungo a muubongo, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse adali atamwalira ndi matenda ena. Adapezanso kuti kuunika mkati mwa diso la mwana kumathandiza kusiyanitsa malungo enieni a muubongo ndi matenda enawo.

Zomwe adapeza ku Blantyre

Birbeck adatenga njira yopima m'maso ija n'kufunsa funso lomwe ambiri adali asadalilabadire: nanga ana omwe apulumuka zimawathera bwanji?

Gulu lake lidatsatira ana 132 omwe adachira ku malungo a muubongo otsimikizika, n'kuwayerekeza ndi ana 264 a misinkhu yofanana omwe adagonekedwa pachipatala chomwecho koma sadakomoke. Ambiri adawatsatira kwa nthawi yoposa chaka. Zotsatira zake zidatuluka mu Lancet Neurology mu 2010.

Mwa ana 132 aja, 12 adayamba kudwala khunyu, pomwe mwa anzawo 264 padalibe ndi mmodzi yemwe. Ana 28 mwa 121 adapezeka ndi ulumali watsopano monga kulephera kuyenda bwino kapena kuyankhula. Ena 14 adasintha khalidwe, kukhala aukali, osakhazikika ndi osamva zonena makolo. Kuphatikiza onse, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse adatsala ndi vuto.

Padalinso mfundo ziwiri zofunika kwambiri. Yoyamba ndi yakuti mavutowa saoneka tsiku lotuluka m'chipatala. Khunyu imatha kudikira miyezi ingapo, choncho pomwe mwana akuyamba kugwa makolo amakhala ataiwala kale za malungo aja ndipo amayamba kuloza zala achibale kapena oyandikana nawo nyumba. Yachiwiri ndi yakuti ana omwe adadzadwala khunyu adali omwe thupi lidatentha kwambiri komanso omwe adaphupha ali m'chipatala. Mwa ana 12 aja, 11 adaphupha panthawi ya malungo.

Zinthu ziwirizi, kutentha thupi ndi kuphupha, ndi zomwe achipatala angathe kulimbana nazo. Ichi ndicho chidawongolera ntchito yonse yotsatira.

Pachipatala chomwecho, makina ojambula ubongo a MRI omwe adafika mu 2008 adathandiza Dr Karl Seydel ndi anzake kupeza chomwe chimapha ana ambiri odwala malungowa. Mu 2015 iwo adalengeza kuti mwa ana 168 omwe adawajambula, 25 adamwalira, ndipo 21 mwa omwalirawo ubongo wawo udali utatupa kwambiri mpaka kutsamwitsa malo omwe amalamula kupuma. Naye Dr Douglas Postels ndi anzake adaonetsa mu 2018 kuti mizere ya EEG yojambulidwa mwana akangofika imathandiza kudziwa yemwe moyo wake uli pachiswe kwambiri.

Kusaka mankhwala osapha

Kuletsa kuphupha kwa mwana wokomoka si nkhani yapafupi. Mankhwala otchipa komanso opezeka m'zipatala zambiri ndi phenobarbitone, omwe adayamba kugwiritsidwa ntchito pa khunyu mu 1912. Kwa munthu womwa mapilitsi ake tsiku ndi tsiku, mankhwalawa athandiza anthu miyandamiyanda. Koma kwa mwana wokomoka, jakisoni wamphamvu wa mankhwalawa atha kufooketsa kupuma. Kafukufuku wa ku Kilifi m'dziko la Kenya, yemwe adatuluka mu 2000, adapeza kuti jakisoniyu adachepetsadi kuphupha, koma ana 18 mwa 100 alionse omwe adabayidwa adamwalira poyerekeza ndi 8 mwa omwe sadabayidwe. M'maiko olemera mwana wotere amamuika pamakina othandiza kupuma. M'zipatala zambiri za m'maboma kuno kwathu makina otere a ana ndi osowa.

Birbeck ndi anzake adayesa mankhwala atsopano otchedwa levetiracetam, omwe amawathira kudzera m'kapaipi ka m'mphuno. Ana 44 a ku Blantyre adatenga nawo mbali, ndipo EEG idali pamutu pawo kwa masiku atatu kuwerenga mphindi zonse zomwe ubongo udaphupha. Zotsatira za mu 2019 zidaonetsa kuti mankhwalawa amagwira ntchito mofanana ndi akale aja koma sadzetsa chiopsezo chachikulu pakupuma. Mu 2023 bungwe la WHO lidaika levetiracetam pamndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse.

Kenaka adatembenukira ku kutentha thupi. Pakafukufuku yemwe adachitika ku Blantyre, Lusaka ndi Chipata, ana 256 adagawidwa pawiri. Gulu lina limalandira paracetamol pokhapokha thupi likatentha, monga mwa masiku onse. Gulu linalo limalandira paracetamol ndi ibuprofen maola 6 alionse kwa masiku atatu posayembekezera kuti thupi litenthe. Zotsatira za mu 2024 zidaonetsa kuti ana a gulu lachiwirili thupi silidatenthe kwambiri ndipo kuphupha kobwerezabwereza kapena kotenga nthawi kudachepa.

Izi zidachitika m'chipatala, madokotala akuyang'anira impso ndi magazi a anawo, choncho si chilolezo chakuti makolo azimwetsa ana mankhwalawa kunyumba m'malo mothamangira kuchipatala. Koma phunziro lake ndi lalikulu kwa oyendetsa zaumoyo: makina odula a ku Blantyre adathandiza kupeza yankho lomwe mtengo wake chipatala cha boma la Dedza kapena cha mishoni cha Mua chingakwanitse.

Dedza: udzudzu, nkhumba ndi moto

Boma la Dedza lili ndi nkhope ziwiri. Kumtunda, komwe kuli tauni ya Dedza, Bembeke ndi midzi ya m'munsi mwa phiri lotalika mamita pafupifupi 2,200, kumazizira ndipo udzudzu ndi wocheperako. Kutsika chigwa kulowera ku Mua, Mtakataka ndi Golomoti, m'dera la Inkosi Kachindamoto, kumatentha ndipo malungo ndi nkhani ya chaka chonse. Ana a kuchigwaku ndiwo ali pachiopsezo chachikulu cha zomwe Birbeck adapeza. Mwana aliyense yemwe wagona m'neti, kapena yemwe wapimidwa magazi ndi kulandira mankhwala a malungo tsiku loyamba lomwe thupi latentha, watetezedwa ku malungo komanso ku khunyu yomwe ikadabwera pambuyo pake.

Dziko la Malawi lidali loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera m'zipatala za boma mu Epulo 2019. Katemerayu amawerengedwa ngati chida cholimbana ndi malungo, koma kwa yemwe wamvetsa kafukufuku wa ku Blantyre ndi chida chotetezanso ubongo wa ana.

Kumtunda nkhani yaikulu ndi nkhumba. Mabanja ambiri amaweta nkhumba ndipo nyama yake imayenda malonda m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1. Vuto si nkhumba payokha koma njoka ya m'mimba yomwe imazungulira pakati pa nkhumba ndi munthu. Nkhumba yoyendayenda ikadya chimbudzi cha munthu yemwe ali ndi njokayi, m'nyama yake mumamera timatuza toyera tooneka ngati mpunga. Munthu akadya nyama yotereyi isadapse bwino, njoka imakula m'matumbo mwake ndipo amataya mazira ake ambirimbiri akapita kuthengo. Mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, timatuza tija timatha kukamera muubongo n'kuyambitsa khunyu.

Izi zikutanthauza kuti ngakhale munthu wosadya nyama ya nkhumba atha kudwala ngati akukhala ndi munthu yemwe ali ndi njokayi. Bungwe la WHO lati m'madera momwe njokayi ndi yofala, imayambitsa pafupifupi 30 mwa matenda a khunyu 100 alionse. Kutsidya kwa malire, m'boma la Katete kuchigawo cha kummawa kwa Zambia, komwe anthu amayankhula chinenero chimodzi ndi a ku Dedza ndipo amaweta nkhumba mofanana, kafukufuku wa Kabemba Mwape ndi anzake wa mu 2015 adapeza zizindikiro za timatuzati mwa oposa theka la odwala khunyu omwe adawapima. Chimbudzi chokumba pakhomo, khola la nkhumba, kusamba m'manja ndi kupsetsa nyama ndi mankhwala a khunyu omwe safuna dokotala.

Chachitatu ndi moto. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chisanu cha ku Dedza chimachititsa mabanja kugona pafupi ndi moto kapena mbaula. Amayi ndi atsikana amaphika pamafuwa tsiku lililonse. Wodwala khunyu akagwera pamoto samva ululu mpaka atatsitsimuka, ndipo ngati omuzungulira akukhulupirira kuti thovu lake kapena mpweya womwe angatulutse ungawapatsire nthendayo, amathawa m'malo momukoka. Khunyu sipatsirana mwanjira ina iliyonse. Chikhulupiriro chimenechi chasiya anthu ambiri opanda zala, ndi zipsera za moyo wonse.

Palinso zoyambitsa zina zomwe bomali silingazinyalanyaze: mwana kubanika pobadwa mayi akachedwa kufika kuchipatala, matenda oumitsa khosi komanso kuvulala m'mutu pangozi za pamsewu, makamaka masiku ano pomwe njinga zamoto za kabaza zachuluka ndipo okwera ambiri savala zipewa zodzitetezera. WHO ikuti mmodzi mwa odwala khunyu anayi alionse akadatha kupewa nthendayi.

Kodi Dedza ikufunika EEG?

Kuchoka ku Dedza kupita ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 85, ndipo kupita ku Blantyre ndi oposa 200. Kwa mlimi wa mbatata ya kachewere wa ku Bembeke, ulendo wokapimitsa mwana mumzinda umadya ndalama ya matumba angapo. Ena anganene kuti yankho ndi kugula makina a EEG m'boma lililonse. Koma makina paokha sachiza. Amafuna magetsi odalirika, munthu wodziwa kumata timabatani tija ndi katswiri wowerenga mizere. Kuonjezera apo, munthu yemwe alidi ndi khunyu atha kupimidwa tsiku lomwe ubongo wake uli phee, makina osaonetsa kanthu.

Kwa odwala ambiri, khunyu imadziwika pomvetsera bwino mboni yomwe idaona munthuyo akugwa. Masiku ano kanema wojambulidwa pafoni ya m'manja amathandizanso kwambiri wachipatala. Birbeck mwiniwake adazindikira izi kalekale, ndipo adalemba buku lophunzitsira madokotala aang'ono ndi anamwino ogwira ntchito komwe kulibe katswiri wa ubongo.

Dziko lino lili ndi chitsanzo chakechake. Mu 1989 magazini ya British Medical Journal idasindikiza lipoti la Dr A. E. Watts la momwe chipatala cha Embangweni ku Mzimba chidafikira odwala khunyu mazanamazana m'zaka ziwiri zokha. Njira yake idali yosavuta: kufalitsa uthenga kudzera mwa atsogoleri a m'midzi, kupereka mankhwala aulere pafupi ndi kwawo kwa odwala, kuonana nawo mwezi ndi mwezi ndi kuonetsetsa kuti mankhwala sakutha. Padalibe EEG.

Mfundo yomalizayi ndiyo imagwetsa ntchito yonse ikasokonekera. M'dziko muno odwala khunyu ambiri amathandizidwa ndi anamwino ndi madokotala aang'ono a matenda a maganizo, omwe amayendera zipatala zing'onozing'ono patsiku loikika. Galimoto ikasowa mafuta kapena mankhwala akatha m'nkhokwe, wodwala amabwerera chimanjamanja. Kusiya mankhwala a khunyu mwadzidzidzi ndi koopsa chifukwa munthu atha kuphupha kosalekeza mpaka kutaya moyo. Banja lomwe layenda mtunda wautali kawiri osapeza mankhwala, ulendo wachitatu limalowera kwina.

Choncho malo oyenera EEG ndi zipatala zazikulu, komwe ingathandize ana okomoka ndi odwala omwe mankhwala akukanika. Chomwe Dedza ikufunika msanga ndi mankhwala osadukiza, ogwira ntchito ophunzitsidwa ndi kaundula wa odwala. Ikufunikanso ndondomeko yakuti mwana aliyense wotuluka m'chipatala atachira malungo a muubongo azionedwanso pakapita miyezi, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake adziwitsidwe. Makolo akauzidwiratu patsiku lotuluka kuti mwana atha kudzayamba kugwa, ndi kuti zikatero abwerere naye, mpata wolozana zala umachepa.

Nkhani ya ma ARV ndi amayi

Gawo lina la ntchito ya Birbeck lomwe likukhudza Amalawi ambiri ndi la kusagwirizana kwa mankhwala. Mu 2012 iye adatsogolera akatswiri omwe adalemba malangizo a padziko lonse a kasankhidwe ka mankhwala a khunyu kwa anthu omwe ali ndi kachilombo ka HIV. Mankhwala akale monga phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin amafulumizitsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena m'thupi. Zotsatira zake, ma ARV ena, kuphatikizapo dolutegravir yemwe dziko lino lidayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, amachepa mphamvu. Chimodzimodzinso mapilitsi olera ndi njira yolera ya pamkono.

Mankhwala ena otchedwa sodium valproate atha kuvulaza mwana yemwe ali m'mimba. Izi sizitanthauza kuti mayi asiye yekha mankhwala. Zikutanthauza kuti wodwala aliyense ayenera kuuza wachipatala mankhwala onse omwe akumwa, ndipo mtsikana kapena mayi wofuna kutenga pathupi akambirane ndi achipatala nthawi isadathe. Amayi ambiri odwala khunyu amabereka ana athanzi.

Ntchitoyi ndi ya yani?

Pali funso lomwe ntchito ya akatswiri ochokera kunja imasiya nthawi zonse. Kafukufuku wambiri wa Birbeck, yemwe adachoka ku Michigan State kupita ku yunivesite ya Rochester mu 2013, wayenda ndi ndalama za boma la America. Chaka cha 2025, pomwe dzikolo lidaimitsa thandizo lake lambiri la kumaiko akunja ndi kutseka bungwe la USAID, chidaonetsa kuopsa kodalira thumba la mnzako pankhani ya umoyo.

Dziko la Zambia lidachitapo kanthu poyambitsa maphunziro a ukatswiri wa matenda a ubongo pachipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka mu 2018, ndipo madokotala a dzikolo omwe adaphunzira pamenepo ayamba kale kuphunzitsa anzawo. Kuno kwathu kuli akatswiri monga Pulofesa Macpherson Mallewa, dokotala wa ubongo wa ana, komanso sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences yomwe idayamba kugwira ntchito mu 2021. Koma akatswiri a ubongo akadali ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu oposa 20 miliyoni.

Mu Meyi 2022 maiko omwe ali mamembala a WHO, kuphatikizapo Malawi, adavomereza ndondomeko ya zaka 10 yolimbana ndi khunyu ndi matenda ena a ubongo. Mwa zina, maikowa adalonjeza kuti pofika 2031 adzakhala ataonjezera ndi theka chiwerengero cha odwala khunyu omwe akulandira thandizo. Lonjezolo lidzayezedwa pazenera lolandirira mankhwala ku Lobi, Mayani, Kaphuka ndi Mtakataka, osati m'misonkhano ya ku Geneva.

Pomwe boma likuyembekezeka kuchita mbali yake, pali zomwe mfumu, mphunzitsi, mbusa ndi kholo angayambe lero. Munthu akagwa, achotsedwe pafupi ndi moto kapena madzi, aikiridwe chinthu chofewa kumutu ndipo kuphupha kukatha agonekedwe chammbali kuti malovu atuluke. Asamupanikize, asamuike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo asamumwetse kanthu mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza munthu asadatsitsimuke, athamangire naye kuchipatala. Ndipo mwana yemwe wagwa m'kalasi Lolemba, akapeza bwino, malo ake ndi m'kalasi momwemo Lachiwiri.